Penti amagwira chimene wachipeza pakhoma

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike)

Tikulankhula nanu, amisiri opaka penti m'nyumba za anthu, kaya muli pamakwerero ku Area 49, kaya mukutsuka maburashi ku Chilomoni, kaya mukudikira kuti abwana akupatseni yokwerera basi ku Katoto. Lero tikamba za ntchito yanu. Eni nyumba musatseke wailesi, chifukwa ndalama zimene zimathera pakhoma ndi zanu.

Nyumba ikapakidwa penti mu Okutobala n'kuyamba kusupuka mu Febuluwale, mwini wake satchula womanga amene anachulukitsa mchenga mu pulasitala. Satchulanso wokhoma denga amene anasiya malata akudontha. Amatchula inu, chifukwa dzanja lomaliza kukhudza khomalo linali lanu. Tsono popeza mlandu umagwera inu, dziwani ichi: penti sadziwa kuti pansi pali njerwa zootcha bwino kapena simenti yodula. Amagwira chimene wachipeza pamwamba. Akapeza fumbi, agwira fumbilo, ndipo tsiku limene fumbi lidzachoke, iyenso adzachokera limodzi. Kupaka penti pakhoma losakonza kuli ngati kudzola mafuta usanasambe.

Tiyambe ndi khoma latsopano, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo. Khoma longopakidwa pulasitala limafuna masiku 28, masabata anayi athunthu, lisanalawe penti, ndipo m'nyengo ya mvula limafuna oposa pamenepo. Chifukwa choyamba ndi madzi amene womanga anasakanizira simenti. Madziwo ayenera kutuluka, ndipo mukawatsekera njira amakankha penti n'kuchita matuza. Chifukwa china ambiri sachidziwa. Simenti yatsopano imakhala ndi ukali, womwewo umene umang'amba zala za anyamata osakaniza matope. Ukali umenewu ukakumana ndi mafuta a mu penti wa gulosi, mafutawo amasanduka sopo, sopo weniweni. N'chifukwa chake mumaona gulosi wopakidwa pa pulasitala yaiwisi akukhala wonanda, akusintha mtundu, kenako n'kufundukuka yekha.

Diso limanama pa nkhani ya kuuma. Khoma limayera pamwamba m'kati muli madzi. Dulani pepala la pulasitiki loonekera mkati, theka la mita mbali zonse, mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe. Lisiyeni usana ndi usiku. Mawa lake mukapeza timadontho kuseri kwa pepalalo, kapena pamalopo pada, chitini chisatsegulidwe. Yesani malo angapo, makamaka m'munsi mwa khoma ndi mbali imene dzuwa silifikako.

Mwini nyumba adzakuuzani kuti alendi akulowa pa 1, kapena kuti ukwati wa mwana wawo uli Loweruka. Si kulakwa kwawo kufulumira. Koma inu auzeni mwaulemu: "Abwana, khomali likadali lonyowa. Ndikapaka lero lisupuka mvula isanathe, ndipo mudzagulanso penti wina." Akaumirira, mawu omwewo muwatumizire pa foni kuti akhale olembedwa. Ena adzakwiya n'kuitana mnzanu wosafunsa mafunso. Ntchito yotero ikupiteni, siili yolirira.

Khoma likauma, pamafunika pulaima wa pulasitala, wopangidwira kupirira ukali wa simenti ndi kutseka timabowo timene timamwa penti. Ambiri amamudumpha, n'kusungunula penti wa madzi wa PVA ndi madzi ambiri kuti akhale wopaka koyamba. M'chipinda chogona, pakhoma louma bwino, zimatha kupirira. Kunja, kumene mvula imamenya, mukusewera ndi dzina lanu.

Nthawi zina pakhoma pamatuluka tinthu toyera tonga mchere. Ndi mcheredi, wochokera m'njerwa, mumchenga kapena m'madzi omangira, umene chinyontho chautengera pamwamba. Musautsuke ndi madzi, chifukwa usungunuka n'kubwerera m'khoma momwemo. Upukuteni ndi burashi yolimba youma, dikirani sabata, muone ngati wabweranso. Ukabweranso ndiye kuti madzi akuyendabe m'khomamo.

Apa tafika pa vuto limene penti aliyense, wodula bwanji, sangalithetse. Yendani m'makwalala a Ndirande kapena Kawale mvula ikangotha, muyang'ane m'munsi mwa makoma. Penti wasupuka kuyambira pansi mpaka m'mawondo, mwina m'chiuno, koma pamwamba ali bwinobwino. Chimenecho ndi chinyontho chokwera kuchokera m'nthaka. Pomanga, pamwamba pa maziko payenera kuyalidwa pepala lakuda lija lotchedwa DPC, lotchinga madzi kuti asakwere m'njerwa. Ena saliika. Ena amaliika, koma pambuyo pake mayi a panyumbapo n'kuunjika dothi la maluwa kukhoma, kapena wina n'kumanga khonde lokwera kuposa pepalalo, madzi n'kupeza podutsira. Dothi liyenera kukhala masentimita 15 kunsi kwa DPC. Chizolowezi chathu n'chopaka gulosi wakuda kapena wofiirira m'munsimo kuti dothi lotarukira lisamaoneke. Pakhoma louma palibe vuto. Pakhoma lonyowa gulosi amatsekera madzi, madziwo n'kukwera kupitirira mzere wa gulosiyo, kapena kutulukira m'kati mwa nyumba. Uzani mwini nyumba achotse dothi, akonze ngalande, aike zolandira madzi a padenga, aitane womanga. Inu mubwere zonsezo zitatha.

Nanga makoma a laimu? Nyumba zambiri zakale, masukulu ndi matchalitchi zinapakidwa laimu chaka ndi chaka mpaka anachita kukhuthala. Pititsani chikhatho pakhoma. Chikayera, PVA sagwira pamenepo. Palani laimu yense ndi chopalira ndi burashi ya waya, tsukani, dikirani kuti paume, kenako pakani mankhwala omanga fumbi amene m'sitolo amawatchula kuti bonding liquid. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo iyenera kukhala ndi mtengo wakewake pa koteshoni. Koma musamunyoze laimu. Amalola khoma kupuma, ndipo panyumba ya zidina kapena yomangira dothi, nthawi zambiri amakhalitsa kuposa penti wa m'chitini amene amatsekera chinyontho. Mmisiri woona mtima amatha kuuza agogo kumudzi kuti asataye ndalama, angogula thumba la laimu.

Pakhoma limene lili kale ndi penti, dziwani kaye kuti ndi wa madzi kapena wa mafuta. Nyowetsani kansanza ndi sipiriti wapepo uja, mukhule pang'ono. Mtundu ukatsalira pa kansanzako, ndi wa madzi. Kakatuluka koyera, ndi wa mafuta, ndipo PVA akapakidwa pamwamba pake osakwecha adzasendeka ndi chikhadabo chokha. Kwechani mpaka kunyezimira kuthe, pukutani fumbi, pakani andakoti, kenako penti wanu.

Kukhitchini kuli mwaye ndi mafuta ophikira, ndipo zimenezi sizibisika, zimatulukiranso pamwamba pa penti watsopano. Tsukani ndi madzi ofunda a sopo waufa, mutsukuluze ndi madzi oyera. Kubafa ndi kuseri kwa mawadiropu kuli nkhungu yakuda, imene ndi chinthu chamoyo ndipo imamera pansi pa penti ngati simunaiphe. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu anayi a madzi, pakani, siyani kwa kanthawi, tsukuluzani, paume. Mawindo akhale otsegula, ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umapweteka mapapo. Madontho achikasu a pa siling'i sathanso ndi PVA, ngakhale mutapaka kasanu. Denga likonzedwe, pamalopo mupake andakoti wa mafuta, ndiye PVA abwere pambuyo.

Ming'alu ing'onoing'ono ikulitseni pang'ono ndi nsonga ya chopalira kuti chomatira chilowe, chotsani fumbi, matani, kwechani, ndipo pomatapo mupake pulaima, apo ayi padzaonekera ngati zigamba. Koma mng'alu wopendekeka wochokera pakona ya windo, kapena umene mwaumata n'kutsegukanso, ukunena za maziko. Umenewo si wanu.

(Nyimbo yaifupi)

Tabweranso, ndipo tsopano chitini chitsegulidwe.

Vundulani mpaka pansi, chifukwa zimene zimapatsa penti mtundu ndi mphamvu yobisa khoma zimakhazikika pansi. Ngati mwagula zitini zingapo za mtundu umodzi, makamaka wochita kusakanizidwa m'sitolo, zithireni zonse m'ndowa imodzi yaikulu. Zitini ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma la pabalaza, pamene alendo amayang'ana.

Za madzi tinene mosabisa. Abwana agula ndowa ziwiri panyumba yofuna zinayi, inu n'kumathira madzi kuti zikwane. Penti wosukuluka amayenda mofewa pa rola, ndipo akauma tsiku loyamba amaoneka bwino. Koma zomatira zimene zili m'katimo zachepa mphamvu, ndiye pakatha miyezi yochepa khoma limayamba kudetsa malaya a aliyense wotsamira. Werengani pachitini. Opanga ambiri amalola madzi okwana gawo limodzi mwa magawo khumi popaka koyamba, kutanthauza malita awiri pa ndowa ya malita 20, ndipo popaka kachiwiri amafuna ochepa kapena osathira n'komwe. Gulosi amasungunulidwa ndi tapentaini. Parafini amachedwetsa kuuma ndipo amapha kunyezimira. Petulo ndiye asayandikire n'komwe, makamaka panyumba pamene pali mbaula yoyaka.

Yambani ndi siling'i, kenako makoma, kenako zitseko ndi mawindo, m'munsi pomaliza. Burashi iviikidwe gawo limodzi mwa magawo atatu a ubweya wake, osati mpaka pachitsulo. Dulani m'makona ndi m'mbali mwa siling'i ndi burashi, ndipo rola itsatire penti wodulirayo asanaume. Khoma limodzi limalizidwe kuchokera kukona kufika kukona ina musanapume, chifukwa mukaima pakati kukadya nsima, mzere wa pamene munaima udzaoneka mpaka kale. Rola ya ubweya waufupi ndi ya khoma losalala, ya ubweya wautali ndi ya pulasitala yokhakhala ya kunja. Musaifinye pakhoma kuti mukame dontho lomaliza, ingoiviikaninso. PVA amafuna maola awiri kapena anayi musanapakenso. Gulosi amafuna usiku wonse, maola 16 kapena kuposa, ndipo mukamupaka mokhuthala kapena mofulumira amachita makwinya ndi misozi yoyenderera.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Ntchito ya kunja imayenda bwino kuyambira Meyi mvula ikatha, koma a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mukudziwa chiperoni: mawawa a masiku atatu, mpweya wonyowa, penti osauma. Masiku amenewo gwirani za m'kati. Ku Dedza ndi ku Mzuzu mu Juni ndi Julaye m'mawa kumazizira kwambiri, ndipo penti wa madzi sauma bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 10. Dikirani mame aume, ndipo mulekeze dzuwa likadalipo kuti mame a usiku asapeze penti wamuwisi. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala vuto n'losiyana. Khoma limatentha moti penti amauma pamwamba asanagwire pansi. Kumeneko, ndi kulikonse m'chilimwe, tsatirani mthunzi: m'mawa pakani khoma lakumadzulo, madzulo lakum'mawa. Mphepo ya mu Ogasiti ikamauluza fumbi, wazani madzi pabwalo musanapake gulosi pazitseko.

Pa zitsulo, anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Mafelemu a mawindo, mageti ndi zitsulo zotchinga akuba zimafuna kuchotsedwa dzimbiri ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, kenako pulaima wa red oxide tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chopalidwa chikagona panja chimadzuka ndi dzimbiri latsopano. Malata oyera ndi nkhani ina. Anakutidwa ndi zinki, ndipo atsopano amabwera ndi timafuta ta kufakitale. Gulosi akapakidwa mwachindunji pa zinki amakanganuka m'zikamba zikuluzikulu, monga mumaonera pamadenga a magolosale ambiri. Tsukani malatawo kuti mafuta achoke, gwiritsani ntchito pulaima wa malata kapena penti wa denga amene pachitini palembedwa kuti amagwira pa malata otere. Poyenda padenga pondani pamzere wa misomali, pamene pansi pali mtengo.

Zitseko za matabwa zimatupa m'dzinja chifukwa chimodzi chaching'ono: palibe amene amapaka pamwamba ndi pansi pake, ndipo madzi amalowera momwemo. Chotsani chitseko, mupake mbali zonse zisanu ndi imodzi. Paini wa ku Chikangawa ali ndi mfundo zotulutsa utomoni dzuwa likawomba, choncho mfundozo zitsekedwe kaye ndi mankhwala ake musanapake pulaima wa matabwa.

Tsopano masamu, amene ambiri amawathawa n'kumangoyang'ana nyumba ndi maso kuti, "Apa ndowa zitatu zikwana." Tengani chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, kutalika kwa khoma mamita 2.7. Kuzungulira chipindacho ndi mamita 14. Kuchulukitsa ndi 2.7 tipeza masikweya mita pafupifupi 38. Chotsanipo chitseko ndi windo, titsala ndi 34. Kupaka kawiri ndi 68. Ngati lita imodzi ikuphimba masikweya mita 8, chipindacho chifuna malita asanu ndi anayi, siling'i osawerengera, imene payokha ndi masikweya mita 12. Nambala yeniyeni ili pachitini, ndipo khoma lokhakhala kapena losapakidwa pulaima limamwa kuposa pamenepo. Ndi tepi yoyezera ndi kope, koteshoni yanu imakhala ndi polozera: kupala ndi kutsuka mwakuti, kumata mwakuti, pulaima mwakuti, kupaka kawiri mwakuti. Mwini nyumba akafuna kutsitsa mtengo, aone yekha mzere umene akuuchotsa.

(Nyimbo yaifupi)

Nkhani yotsala ndi ya thupi lanu ndi la ana a m'nyumba zimene mumagwiramo ntchito. Kwa zaka zambiri opanga penti wa mafuta ankaikamo mtovu, kuti mitundu yowala monga yachikasu, yofiira ndi yalalanje ioneke bwino, kuti penti aume msanga, ndiponso kuti ateteze chitsulo ku dzimbiri. Mtovu ndi poizoni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wosavulaza. Kwa mwana wamng'ono umawononga ubongo umene ukukula, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Mwanayo sadwala moonekera, amangovutika kugwira za m'kalasi, makolo n'kumati ndi waulesi. Kwa akulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso, ndipo kwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba.

Dziko la America linaletsa mtovu mu penti wa m'nyumba mu 1978. Kwathu kuno nkhaniyi yadziwika mochedwa. Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project linachita m'Malawi muno pakati pa 2020 ndi 2021 anapeza kuti pa zitini za penti wa mafuta zimene anayeza, zoposa theka zinali ndi mtovu wopyola malire a magawo 90 pa miliyoni, amene WHO ndi bungwe loona za chilengedwe la UNEP amalimbikitsa mayiko kuti akhazikitse. Kuchokera pamenepo Malawi Bureau of Standards inalowererapo, ndipo opanga ena anasintha kapangidwe kawo. Koma penti amene anapakidwa kale akadali pazitseko, m'mawindo ndi pa zitsulo zosewerera ana kusukulu za mkaka. Akakhala phee pamalo pake vuto limachepa. Limakula tsiku limene inu mwafika ndi sandipepala.

Choncho gulosi wakale musamukweche pouma, ndipo musamuwotche ndi moto kuti asupuke. Nyowetsani pamalopo, gwiritsani ntchito sandipepala yakuda yopirira madzi, kuti fumbi lisanduke matope m'malo mouluka. Yalani pulasitiki pansi, musonkhanitse zopalidwazo, zisakatayidwe kumunda wa masamba kapena pamene nkhuku zimapalasa. Ana ndi amayi oyembekezera atuluke m'chipindamo mpaka mutakolopa, osati kusesa. Sambani m'manja musanadye kapena kusuta. Ovolosi yanu isakakumbatire mwana wanu kunyumba: vulani pantchito pomwepo, ndipo ichapidwe payokha. Pogula penti wa mafuta, funani chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu wowonjezera.

Pali chikhulupiriro pakati pa amisiri chakuti ukamwa mkaka utapaka gulosi tsiku lonse, mkakawo umatsuka m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, fungo la tapentaini linapita m'mapapo ndi m'magazi, ndipo ziwirizi sizikumana. Imwani mkaka chifukwa ndi chakudya chabwino, koma chokutetezani ndi mawindo otsegula ndi chotchinga mphuno chokhala ndi zosefera mpweya wa mankhwala. Kansalu ka pamphuno kamagwira fumbi lalikulu lokha. Mutu ukayamba kuwawa kapena kuchita chizungulire, tulukani panja nthawi yomweyo. Penti wa m'manja muchotseni ndi mafuta ophikira kenako sopo, osati thina, amene amaumitsa khungu mpaka kung'ambika.

Makwerero aimikeni motere: pa mamita anayi aliwonse okwera, miyendo yake italikire mita imodzi kuchokera kukhoma. Asaime pa migolo kapena pa njerwa zosanjikiza, ndipo musanawadzutse yang'anani kumene waya wa ESCOM walowera m'nyumba, makamaka ngati ndi achitsulo.

Ntchito ikatha, mayi a panyumbapo adzakupemphani zitini zotsala, monga mwa masiku onse. Zitini za gulosi ndi za red oxide musawapatse kuti azisungiramo ufa, mchere kapena madzi akumwa, ngakhale zitatsukidwa chotani. Zibooleni pansi musanazisiye. Madzi otsukira maburashi asathiridwe pafupi ndi chitsime kapena mjigo, ndipo tapentaini wotsukira musamutaye: musiyeni m'botolo lotseka masiku angapo, zinyalala zikhazikike pansi, wa pamwambayo mutsukirenso. Botolo limenelo lisakhale la zakumwa, mulilembe, ndipo likhale pamene mwana sangafike.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Tsalani bwino, amisiri.

(Nyimbo yotsekera)